Aphunzitsi a masamu, ndithandizeni pa za factor tree

Moni nonse pagulu pano. Mwana wanga ali Sitandade 7 kuno ku Mangochi, ndipo akuphunzira kuphwanya nambala pojambula mtengo wa nthambi (factor tree) kuti apeze ma prime factor. Aphunzitsi ake amayamba ndi 2 nthawi zonse: 72 amaigawa 2 × 36, kenako 36 kukhala 2 × 18, mpaka pansi. Iyeyo amakonda kuyamba ndi 8 × 9 chifukwa ndi zimene analoweza. Pansi pa 9 analemba 3 ndi 3, pansi pa 8 analemba 2 ndi 4, yankho n'kulemba 2 × 4 × 3 × 3. Kope labwera atamukhwatcha ndi bolopeni yofiira. Ine ndachulukitsa pafoni, ikubwera 72 yomweyo. Ndiye walakwa pati? Kapena lamulo lake ndi loti uziyamba ndi 2 basi? Sindikufuna kupita kusukulu kukafunsa ndisanamvetse ndekha.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Mayi, poyambira palibe vuto. Ayambe ndi 8 × 9, kaya 6 × 12, kaya 2 × 36, mapeto ake ndi amodzi: 2 × 2 × 2 × 3 × 3. Chimene chamugwetsa ndi 4 uja. Nthambi imathera pa nambala imene singagawikenso ndi ina, kupatula 1 ndi iyo yomwe, ndipo nambala yotereyo ndiye prime. Tsono 4 imagawika 2 × 2, ndiye mtengowo anausiya usanathe. Ana anga ndimawauza kuti prime aliyense akamupeza azimuzunguliza, ndipo asalembe yankho pakadali nambala yosazunguliza.

Kholo lina, ku Monkey Bay:
Wanganso zinkamuvuta, koma iye ankalemba 1 × 7 pansi pa 7, kenako 1 × 7 kachiwiri, mpaka pepala kutha! Muwauze kuti 1 si prime, asamaiike pamtengo.

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi, ndaona tsopano. Koma nanga adziwa bwanji kuti apa ndiime? Ndamuyesa ndi 51, akuti ndi prime chifukwa si even.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Msampha wake ndi womwewo, ndipo umakola ana ambiri: 51, 57, 87, 91. Aziyesa motsatana 2, 3, 5, 7. Pa 3 pali njira yachidule: aphatikize manambala ake. 5 ndi 1 zikupanga 6, ndipo 6 imagawika ndi 3, choncho 51 nayonso igawika, ndi 3 × 17. Koma 91 njirayi siithandiza, ayese 7, apeza 7 × 13. Nambala iliyonse yoposa 1 koma yosafika 100 ikakana 2, 3, 5 ndi 7, imeneyo ndi prime, asavutikenso nayo.

Ndipo musazione zazing'ono, mayi, chifukwa HCF (nambala yaikulu kwambiri yogawa manambala awiri popanda chotsala) ndi LCM (nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi onse awiriwo) zimadalira pomwepa. Madzulo ano mupatseni 60 ajambule pambali pa 72. Apeza 2 × 2 × 3 × 5. Kenako achonge amene akupezeka mbali zonse ziwiri, omwe ndi 2, 2 ndi 3, achulukitse. Akapeza 12 ndiye kuti HCF wayipeza. Mutumize chithunzi cha kopelo pompano ndione mmene wajambulira nthambizo.