Chifuwa cha atsibweni sichikutha, ankagwira ku mgodi

Wa ku Ulongue: Abale thandizeni, atsibweni anga anagwira zaka zambiri ku mgodi wa malasha ku Moatize ku Mozambique kuno, pano akutsokomola osaleka, makhololo akumatuluka ndi magazi, thalauza likuchita kuvuka m'chiuno. TB anawayeza akuti alibe. Kapena ndi khansa ya m'mapapo? Koma ntchitoyo anasiya kalekale

Mayi wa ku Tsangano: Pepani achimwene. Kusiya kalekale musakudalire ayi, khansa imeneyi imatha kuonekera patadutsa zaka 20 kapena kuposa. Bwererani nawo ku chipatala mupemphe raio-X (kujambula mkati mwa thupi) ya pachifuwa ndipo adokotala muwauze ntchito yeniyeni imene ankagwira, ngati ankaboola miyala nenani chifukwa fumbi la m'miyala lotchedwa silika ndi loopsa, utsi wa dizilo wa zimagalimoto za ku mgodi nawonso bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linauika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2012.

Dalaivala Moatize: Fodya amasuta? Asiye lero, fodya kuphatikiza fumbi ndiye zimaipiratu. Ine chimandiwawa nchakuti munthu ukangochoka ntchito palibenso okuitana kukuyeza mapapo.

Wa ku Ulongue: Amasuta wopichira. Zikomo, Lolemba tilawira nawo ku Tete, mapepala akale a kuntchito titenganso.