Ulendo wa ana ku paki ya South Luangwa: adzabwerako ndi chiyani?

Mphunzitsi wa Giredi 6, Chipata

Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi vuto loti tithandizane nzeru. Tikukonza zopita ndi ana ku paki ya South Luangwa mu temu yachiwiri, koma pamsonkhano wa PTA bambo wina anandifunsa kuti, popeza basi ya ku Mfuwe, kumene kuli khomo lolowera m'pakiyo, ndi yodula ndipo makolo ambiri sanagulitsebe mbewu zawo, ana adzabwerako ndi chiyani chimene sangachipeze m'buku. Sindinayankhe bwino, chifukwa pa ulendo wapitawo, nditawauza ana kuti alembe zimene anaona, ambiri analemba za basi ndi za mabanzi amene anadya panjira. Ahedi andipatsa masabata awiri kuti ndibweretse ndondomeko yolembedwa asanapemphe chilolezo ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lathu lino. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wamkulu, Mambwe

Amayi, bambo uja anafunsa funso loyenera, ndipo musamuone ngati wotsutsa. Ine ndili kufupi ndi paki imeneyi ndipo ndaona magulu ambiri a ana akubwera. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi chakuti aphunzitsi amafuna kuti ana aone nyama zambiri m'maola ochepa, galimoto n'kumangothamangira kumene kwamveka mkango. Mwana amene wangoona nyama khumi ndi ziwiri modutsa sakumbukira kanthu, pomwe amene wayang'anitsitsa chinthu chimodzi kwa mphindi makumi awiri amabwerako ndi nkhani yoti afotokozere agogo ake.

Gawani ana m'magulu musananyamuke, ndipo gulu lililonse lipite ndi funso lake limodzi. Lina lifufuze kuti nyamalikiti amadya chiyani, ndiponso chifukwa chake sapikisana ndi mbidzi pa chakudya ngakhale akhale malo amodzi. Muwauze kuti nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa, chifukwa ndaona ana akusintha nkhope akamva kuti chinthu chotere ndi cha kwawo kuno ku Eastern Province. Gulu lina liyang'ane mtsinje: gombe limene likugumuka, gombe limene mchenga ukuunjikana, ndi maiwe opindika amene amatsala mtsinje ukasintha njira. Phunziro la kukokoloka kwa nthaka limene timavutika nalo pabolodi lili pamenepo, loonekera ndi maso.

Mphunzitsi wa sayansi, Katete

Ndikugwirizana ndi abambo a ku Mambwe, ndipo ndikuwonjezera chinthu chimene ana amachiseka poyamba koma sachiiwala, ndicho ndowe za njovu. Njovu sigaya chakudya chake chonse, motero mbewu zambiri za mitengo zimatuluka zamphumphu n'kumera kutali ndi kumene zinadyedwa. Wotsogolera alendo akaimika galimoto pafupi ndi ndowe zakale, ana amaonamo timitengo, mbewu, chiswe ndi tizilombo timene timakunkhuniza ndowezo. Pamenepo mwaphunzitsa kufalikira kwa mbewu, kuola kwa zinthu ndi kudalirana kwa zamoyo, zonse pamalo amodzi. Chimodzimodzi mvuu: masana zili m'madzi, koma tinjira take toonekera pagombe timasonyeza kuti usiku zimatuluka kukadya udzu. Afunseni ana kuti tinjira timeneti tapangidwa ndi yani, ndipo musafulumire kuwauza yankho.

Mwana aliyense atenge kope ndi pensulo, osati kudalira foni ya mphunzitsi. Wojambula mlambe kapena tsanya ndi dzanja lake amakakamizika kuona maonekedwe a tsamba ndi khungwa.

Mphunzitsi wa Giredi 5, Chipata

Ine nkhawa yanga ndi ana amene makolo awo sadzakwanitsa ndalama. Mfuwe ali pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera kuno, ndipo si bwino kuti ena atsale n'kumangomvera nkhani za anzawo. Bwanji osayamba ndi malo apafupi, monga m'munsi mwa phiri la Kanjala kapena m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa, kumene kalasi yonse ingafike wapansi? Kumeneko ana angawerenge mitengo yachilengedwe ndi zitsa, aone kumene madzi akumba ngalande, aone ndi zinyalala zimene zimatayidwa m'madzi.

Mphunzitsi wamkulu, Mambwe

Maganizo amenewo ndi abwino kwambiri, ndipo ulendo wapafupiwo ukhale wokonzekera wakutaliwo. Ana akayamba ndi kuona phiri lodulidwa mitengo, kenako n'kuona nkhalango yotetezedwa imene inakhala paki mu 1972, kusiyanako adzakuona okha popanda wowauza.

Pali china chimene ndikupempha kuti musachibise kwa ana. Kuno anthu amakhala moyandikana ndi njovu, ndipo njovu zimaononga minda, nthawi zina ngakhale nkhokwe. Ana a m'tauni amaganiza kuti aliyense amakondwera ndi nyama zimenezi. Konzani kuti acheze ndi ana a sukulu ina ya ku Mfuwe, amve za alimi amene amagwiritsa ntchito tsabola pothamangitsa njovu, ndiponso za abale awo amene amapeza ntchito m'maloji. Lemberaninso kalata a Chipembele Wildlife Education Trust, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa ana za chilengedwe, ndi a DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, pa za malipiro olowera ndi malamulo a m'paki. Nyamukani m'mamawa, chifukwa dzuwa likakwera nyama zimabisala pamthunzi, ndipo pasakhale mwana wotsika galimoto popanda chilolezo cha wotsogolera.

Mphunzitsi wa Giredi 6, Chipata

Zikomo kwambiri nonse, tsopano ndili ndi choti ndiwayankhe bambo aja. Ndilemba kuti kalasi yonse idzapita ku Kanjala poyamba, kenako magulu anayi adzapita ku Mfuwe mu July ndi mafunso a nyamalikiti, mtsinje, ndowe za njovu ndi moyo wa anthu oyandikana ndi paki. Akabwerako, gulu lililonse lidzafotokoza zimene lapeza pamaso pa makolo, makope awo ali m'manja. Za ana osowa ndalama ndikambirana ndi a komiti Lachisanu, kuti tione ngati ndiwo za m'dimba la sukulu zingalipire mbali ina ya basi. Abambo a ku Mambwe, ndikutumizirani ndondomekoyo Lolemba kuti muione ndisanaipereke kwa ahedi.