Mmisiri wofolera denga wodalirika ndimudziwa bwanji?

Nambewe: Abale, malata a nyumba ya amayi ku Chilomoni achita dzimbiri, mvula ikagwa timatchera mabeseni kuchipinda. Ndikufuna tisinthe denga lonse Novembala asanafike. Mmisiri amene ndapeza akuti ndimupatsiretu ndalama zonse. Ndimupatse?

Bambo a Tadala: Ayi mayi, musayerekeze. Muzimupatsa pang'onopang'ono, yotsala adzalandire mvula yoyamba ikagwa. Akuonetseni nyumba zomwe anafolerapo, mukafunse eni ake ngati sizidontha.

Nangozo: Malata mukagule nokha achemwali. Geji 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo ena amakulipiritsani ya 28 n'kubweretsa ya 30. Mapulanga akhale ouma, opaka mankhwala a chiswe. Misomali azikhoma pamsana pa lata, osati modutsa madzi.

Nambewe: Zikomo kwambiri. Mawa ndimuuza tilemberane papepala, pakhalenso mboni.