Phwando la tiyi la apongozi anga lagwera m'nyengo ya mayeso ndi zokolola

Mayi wa ku Chilomoni analemba:

Ndikupempha nzeru kwa amayi ndi abambo amene munakonzapo phwando pakhomo. Apongozi anga aakazi akukwanitsa zaka 70 mwezi wa Julaye, malinga ndi tsiku limene linalembedwa pa chitupa chawo cha unzika pa kalembera wa 2017, ndipo chibadwire sanachitiridwepo mwambo wokumbukira tsiku lawo lobadwa. Ine ndi amuna anga tinagwirizana kalekale kuti chaka chino tiwachitire kanthu, koma sitinaone kuti tsikulo lidzagwera pakati pa zochitika zambiri chonchi. Mwana wathu woyamba akulemba mayeso a MSCE ndipo akufunika bata madzulo aliwonse, wamng'ono akumera mano moti usiku sitikugona, amuna anga akumapita kumudzi ku Ntcheu Loweruka lililonse kukayang'anira zotonola chimanga ndi kuthira mankhwala m'matumba, pamene ine ndimaweruka kuntchito 5 koloko.

Poona zonsezi ndaganiza zokonza phwando la tiyi lokha masana, la anthu pafupifupi 30, popanda nsima kapena mpunga. Nditawauza mlamu wanga mmodzi anangoti kwathu kuno mlendo akapanda kudya nsima amati wagona ndi njala, ndipo mawu amenewa andilanda mtendere. Kodi tiyi angakwanire kulemekeza munthu wamkulu ngati ameneyu? Ngati angakwanire, ndikonze zotani ndipo zochuluka bwanji, poti uvuni wanga ndi wamagetsi ndipo magetsi kuno sadalirika?

NaPhiri, wa Mvano ku Zomba, anayankha:

Mwana wanga, tiyi akwanira, koma akhale tiyi wokhala ndi zomwera zokhutitsa, osati mabisiketi a m'sitolo. Ife kumpingo talandirapo alendo ochuluka kuposa amenewo ndi tiyi yekha ndipo palibe anabwerera akudandaula. Chinsinsi chagona pa nthawi imene mwaitanira anthu. Mukanena kuti 12 koloko, aliyense adzabwera ali ndi mimba ya nsima. Mukanena kuti 2 koloko masana n'kutchula poyera kuti ndi tiyi, anthu adzadyeratu kwawo. Musayambe mochedwa kuposa 2 koloko, chifukwa mu Julaye dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo chiperoni chikabwera ku Blantyre okalamba safuna kukhala panja mpaka madzulo.

Za uvuni musade nazo nkhawa, pakuti zomwera tiyi zathu zambiri zimapsa pambaula. Chikondamoyo mungaphike Lachisanu madzulo: ufa wamgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zokanya bwino, soda pang'ono, mchere ndi mkaka, n'kuthira mupoto wopaka mafuta. Pansi pakhale moto wochepa, makala ambiri muike pamwamba pa chivundikiro, apo ayi chidzapserera pansi m'kati muli mwauwisi. Chikagona usiku umodzi chimadulika bwino osanyenyeka. Mtedza mungakazinge ngakhale Lachitatu n'kuusunga m'botolo lotseka. Zitumbuwa ndi mandasi zokha ndi zimene zimafuna kukazingidwa m'mawa wa tsikulo, ndipo ntchito imeneyi mupatse munthu wina, inu musaigwire. Mbatata ino ndi nyengo yake ndipo ndi yotsika mtengo. Muphike poto wamkulu mmodzi, chifukwa anthu a msinkhu wa apongozi anu adzayamba kutola mbatatayo asanakhudze keke.

Pa tiyi weniweniyo muwerengere makapu awiri munthu aliyense. Anthu 30 ndiye makapu 60, omwe ndi madzi okwana malita 15 ngati makapu anu ndi aakulu aja. Musadalire ketulo, wiritsani madzi m'sefuliya yaikulu pankhuni kuseri kwa nyumba, ndipo mubwereke mafulasiki kwa anansi kuti tiyi asazizire. Kenaka muwonjezere zomwera za anthu ena khumi amene simunawaitane, chifukwa amene adzamve nyimbo kubwalo kwanu simungawabweze pachipata.

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe, anayankha:

Mayi, malangizo a NaPhiri ndi abwino pa zophika, koma ine ndikuona kuti vuto lanu silili pa tiyi. Mlamu wanu atanena za nsima, mwina chimene chinamupweteka n'chakuti anamva nkhani ya phwando la mayi ake omubereka itatha kale kukonzedwa. Zinandichitikirapo pamene akazi anga anakonzera bambo anga mwambo wofanana ndi umenewu mwa mtima wabwino, koma alongo anga anakhala chakumbali tsiku lonse ngati alendo, ndipo zinatenga miyezi kuti nkhope zimasuke. Amuna anu ndiwo ayenera kuimbira abale awo mmodzimmodzi, kuwafotokozera chifukwa chake mwasankha tiyi, ndi kupempha aliyense kuti atenge mbali yake. Wina agule shuga ndi mkaka, wina abweretse keke, wina asoketse chitenje cha mayi.

Chachiwiri, sindikugwirizana ndi zoti nsima isakhalepo n'komwe. Amene akuchokera ku Ndirande kapena ku Chirimba adyeretu kwawo, zimenezo n'zomveka. Koma achibale ochokera ku Ntcheu adzanyamuka mbandakucha, adzakhala pa minibasi maola angapo kudzera ku Zalewa, ndipo adzafika kwanu nthawi ya nkhomaliro. Anthu amenewo, kaya ndi asanu kaya asanu ndi mmodzi, muwaphikire nsima ndi nkhuku yachikuda imodzi m'nyumba alendo ena asanafike. Imeneyo si phwando, ndi kulandira abale basi, ndipo nkhani imene idzakambidwe kumudzi idzachokera kwa iwowa.

Mwana wa mayesoyo musamuwerengere pa ntchito iliyonse. Ngati pepala lake lomaliza likubwera tsiku lobadwa litadutsa, sunthani phwandolo lipite Loweruka lotsatira. Agogo ake sangakondwe kumva kuti mdzukulu wasiya mabuku chifukwa chotsuka makapu a phwando lawo.

Namwino wa ku Leeds anayankha:

Achemwali, kuno ku Britain tiyi wamasana ndi mwambo wolemekezeka moti anthu amachitira nawo masiku obadwa a makolo awo m'mahotela. Amaika masangweji ang'onoang'ono, masikono opaka jamu ndi kirimu, ndi timakeke pa mbale zosanjikiza zitatu. Ndinapitako ndi anzanga akuntchito, ndipo chimene ndinatolapo si zakudyazo ayi, koma kuti mwini tsikulo amakhala pansi pakati pa anthu ake, kumacheza mosathamanga. Zakudya zawozo musatengere, chifukwa apongozi anu adzakondwera ndi chikondamoyo kuposa sangweji ya nkhaka. Tiyi tili naye kale wathu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene wakhala akulimidwa kwa zaka zoposa 100, ndipo ine ndikabwera kumudzi ndimanyamula mapaketi a Chombe pobwerera.

Monga namwino ndikupempheni chinthu chimodzi. Kwathu timakonda kuthiriratu shuga ndi mkaka m'sefuliya momwemo, koma pakati pa anthu a zaka 60 ndi 70 simulephera kupezeka odwala matenda a shuga, ndipo ambiri amachita manyazi kukana kapu imene apatsidwa m'manja. Fulasiki imodzi ikhale ya tiyi wopanda kanthu, shuga akhale m'mbale payekha, aliyense adzithirire. Komanso muwafunse apongozi anuwo anthu amene akufuna kuwaona. Mwina pali mnzawo wina amene ankaimba naye kwaya kapena kutunga naye madzi ali atsikana, yemwe inu simungamuganizire.

Mayi wa ku Chilomoni anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Area 25, mwalasa penipeni. Amuna anga aimbira alongo awo dzulo, ndipo mlamu wanga uja ndi amene wadzipereka kudzagona kuno Lachisanu kuti adzakazinge mandasi ndi kuphikira a ku Ntcheu nsima. Phwando talisuntha ndi sabata imodzi kuti mwana amalize mayeso, ndipo lidzayamba 2 koloko monga mwanenera, mayi NaPhiri.

Apongozi anga nditawafunsa za alendo, poyamba anakana zonse ponena kuti tisawononge ndalama pa iwo chaka chimene tikulipira fizi. Nditawatsimikizira kuti ndi tiyi chabe ndi mbatata, anakhala chete pang'ono, kenaka anatchula amayi atatu a kumpingo kwawo kumudzi, ndipo anapempha kuti pasakhale zokuzira mawu koma nyimbo za m'buku zimene angathe kuimba nawo. Mmodzi mwa amayi atatuwo sayenda bwino, choncho amuna anga akawatenga okha pa galimoto ya mnzawo pobwera ndi matumba omaliza a chimanga. Chatsala n'chakuti ndipeze mafulasiki ena awiri ndi mipando khumi, ndipo mawa ndikafunsa amayi a m'dera lathu tikakumana ku banki m'khonde.