Mjigo wathu ukutulutsa madzi amchere, tithandizeni nzeru

Abale anga, ndili m'komiti ya mjigo kumudzi kwathu kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ikangofika Seputembala, madzi a pamjigo pathu amawawa mchere. Sopo sachita thovu, nyemba nazo zimakana kupsa. Amayi ena ayambanso kukatunga kuzitsime zokumba pamanja m'madimba, komwe ng'ombe zimamwera, pomwe kolera ija ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Chondizunguza mutu n'ichi. Mu 2024 nyanja ya Malawi itakwera, madzi ambiri anadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, Shire anasefukira, madimba ena kumunsi kuno mpaka anamira. Koma mjigo wathu sunasinthe ngakhale pang'ono, mchere uli pomwepo. Kodi madzi a pansi pa nthaka salumikizana ndi a mumtsinje? Mkulu wina anandiuza kuti mcherewo uli m'dothi la chigwa chino, ndiye kubowola mozama kungangowonjezera vuto. Zoona zimenezi?

Anthu akufuna tisonkhe ndalama tibowole wina chakufupi ndi Shire, ine ndikuopa kutaya ndalama za anthu. Tisanabowole, madziwa tingakayezetse kuti? Inu a ku Nchalo ndi ku Nsanje amene munakumanapo nazo, munatani?