Kuika AC mu Peugeot 504 yakale: injini ipirira?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Peugeot 504 ya 1974, injini ya petulo ya 2.0, ndipo inatuluka kufakitale yopanda AC (makina oziziritsa mpweya wa m'galimoto). Dzuwa likaswa mtengo, mipando imatentha moti malaya amamatirira kumsana ngakhale mawindo onse ali otsegula.

Ndikufuna AC ya gasi wa R134a, poti gasi wakale wa R12 analetsa kalekale. Kompresa (pampu ya gasi) ndikuganiza za ya kampani ya Sanden, ndipo evaporator (chipangizo choziziritsa mpweya wa mkati) ikhale yopachika pansi pa dashibodi. Kuboola dashibodi ayi, ikadali yake yeniyeni imeneyo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha kwa injini. Kondensa (yomwe imatulutsa kutentha kwa gasi wa AC) ikakhala kutsogolo kwa radiyeta, mphepo imafika pa radiyeta itatentha kale, ndipo ngakhale panopa singano yoonetsa kutentha kwa injini imakwera ndikaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto. Kodi fani yamagetsi yokha ikwanira, kapena ndisinthe radiyeta yonse? Nanga alternator (yopanga magetsi) yakaleyi ingakwanitse kuyendetsa fani, blower (yokankhira mpweya mkati) ndi kilachi ya kompresa nthawi imodzi, magetsi akutsogolo ali oyaka?

Amene munachitapo, bulaketi ya kompresa munachita kusulitsa kapena ilipo yogula? Lamba wachiwiri, woyendetsa kompresayo, ndiye sindikuona pomwe angadutse.