Ndichoke pa 190 kupita pa 150? Wogulitsa akufuna yankho Lachisanu

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili kumudzi kuno kuyambira Julayi, mayi anadwala, koma tsopano apezako bwino ndipo mwezi wamawa ndibwerera ku Joni. Kuntchito andiuza kuti ndikafika ndisamangopinda maparachuti a anthu, ndiyambe kuphunzira kujambula ma tandem, kudumpha kuja kumene mlendo amamangiriridwa kwa instructor pa parachuti imodzi. Ndiye mukudziwa, wojambula amayenera kufika pansi msanga kuti awajambule alendo akutera. Canopy yanga (nsalu ya parachuti) ndi Sabre 2 ya masikweya feet 190, ndadumpha ka 320, ndipo ndimaona ngati imachedwa kutsika. Mnzanga wina akugulitsa yaing'ono ya 150, yotsika msanga, motchipa, akuti ndimuyankhe pofika Lachisanu. Nditenge?

Wopinda wa ku Bangula: Mlamu, tiyambe ndi sikelo. Ukulemera bwanji lero? Osati zija unalemba m'logbook chaka chatha.

Wa ku Nchalo: Ndinali 80. Dzulo ndakwera sikelo yoyezera thonje pamsika, yawerenga 84. Nsima ya mapira ndi mlamba, musandiweruze.

Wopinda wa ku Bangula: Chabwino. Onjezerapo makilo 12 a rig (chikwama chonse cha parachuti), chipewa ndi kamera, wafika 96. Chulukitsa ndi 2.2, ndi mapaundi 211. Gawa ndi kukula kwa canopy, upeze mapaundi amene sikweya foot iliyonse ikunyamula. Pa 190 uli pa 1.1. Pa 170 uli pa 1.24. Pa 150 yomwe ukuithamangirayo uli pa 1.4. Malangizo a USPA, bungwe la odumpha ndi parachuti la ku America, amati wa laisensi A kapena B asapyole 1.0, wa C asapyole 1.2. Iwe ndiwe wa C, D imayambira pa kudumpha ka 500. Kuntchito kwanu mumayendera za PASA, bungwe la ku South Africa, ndiye ukafunsenso chief instructor wanu, koma masamuwo ndi amenewo. Ngakhale 170 ikufuna kuti makilo anayi a mayi aja uwasiye konkuno.

Wa ku Nchalo: Koma anyamata ena amene tinayambira limodzi ali kale pa 150, ndipo akutera bwinobwino.

Mkulu wa ku Ngabu: Mphwanga, ine nkhani ya manambala ndawasiyira anzakowa. Funso langa ndi lina: unadumpha liti komaliza? Wanena wekha kuti Julayi. Ukamakwera ndege idzakhala itakwana miyezi inayi manja ako asanagwire toggle, chogwirira cha chingwe chokhotera ndi kumangira buleki. Ndiye ukufuna tsiku loyambiranso likhalenso tsiku loyamba pa nsalu yomwe sukuidziwa?

Ndikuuze zanga. Ine ndinayambira ku Salima ndili msilikali, pa static line (chingwe chomangirira kundege chimene chimakutsegulira parachuti), ndipo nditalowa zodumpha zamasewerazi ndinkadziona ngati katswiri. Ndinachoka pa 210 n'kugula 170 ndisanaiyese n'komwe. Maulendo khumi oyamba zonse zinali bwino, chifukwa kunali kamphepo kondigwirira. Tsiku lina masana mphepo inangoti zii. Ndikubwera pa final, chigawo chomaliza cholunjika potera, mnzanga wina anandidutsira kumanzere, ine mwamantha n'kukoka toggle yakumanja mpaka m'chiuno. Pa 210 ija ndikanangogwa n'kudzuka, anthu n'kuseka. Pa 170 canopy inaweramira pansi, ndinangoona udzu ukubwera kumaso. Bondo ili ndi zitsulo mpaka lero, kukazizira limandidzutsa usiku. Kuyendetsa 170 ndinkatha ndithu, chimene sindinkatha ndi kukhota pafupi ndi nthaka osataya mtunda.

Ndiye usanaganize zogula, kachite izi pa 190 yakoyo, instructor akuonerera. Flat turn (kukhota kosataya mtunda wambiri) ya madigiri 90 uli m'mabuleki, uyambe kuiyeserera kumwamba kaye mpaka izolowereke m'manja. Kutera mphepo ikuchokera m'mbali. Kutera kopanda mphepo konse, osathamanga ngati wakuba nkhuku. Kutera ndi ma rear riser, malamba akumbuyo ogwira zingwe za canopy, ngati chingwe cha buleki chaduka. Ndiponso kugwera m'kati mwa bwalo la mamita 10 kangapo motsatizana, osati kamodzi mwamwayi. Zambiri mwa izi zili pa mndandanda uja wa Bill von Novak wa zoyenera kutha usanapite pa canopy yaing'ono, siwachilendo kwa aliyense pagulu pano. Ukapeza chimodzi chokha chikukuvuta, 190 ikadali ndi zokuphunzitsa.

Mlongo wa ku Nsanje: Achimwene a ku Nchalo, ine ndimajambula ma tandem, ndiye ndiyankhe pa vuto lenilenilo. Simufunika 150 kuti mufike pansi msanga. Tandem imatsegula kumwamba, cha m'ma 5,000 feet, inu mumatsegula m'munsi mwake, ndiye mwayamba kale muli patsogolo. Komanso iwo ali pansi pa chinsalu chachikulu choposa 300, instructor akumupatsa mlendo ma toggle kuti asewereko. Chimene chimachedwetsa ojambula atsopano ndi kutaya nthawi canopy ikatseguka: kulimbana ndi slider (kansalu kotsetsereka pazingwe kochepetsa liwiro la kutseguka), kumasula mapiko a jekete, kuyang'ana ngati kamera inajambula. Mukafika pansi musayambe kukulunga zingwe, vulani n'kuthamanga. Ine ndinajambula chaka chathunthu pa 190.

Chinanso, opanga ma rig a tandem ali ndi malamulo awoawo okhwimirapo pa munthu wodumpha pafupi ndi tandem. Mukafunse musanawononge ndalama. Ndipo kamera payokha imadya nzeru, ndaonapo anthu akuiwala kuyang'ana altimeter, choyezera mtunda, chifukwa cha kanyali kofiira ka kamera. Kamera yatsopano, canopy yatsopano, miyezi inayi osadumpha, zonse tsiku limodzi? Ayi achimwene.

Wopinda wa ku Bangula: Ndiwonjezerenso za mpweya. Kwathu kuchigwa kuno sitifika n'komwe mamita 100 kuchokera panyanja yamchere. Kumene umagwira ntchitoko ndi mamita opitirira 1,500, mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Canopy yomweyo imathamanga kwambiri ndipo flare, kumanga mabuleki potera, imachepa mphamvu. Ukubwerera mu Novembala, nyengo yotentha. Amene akugulitsayo amadumphira kuti?

Wa ku Nchalo: Ku Cape Town.

Wopinda wa ku Bangula: Ndiye basi. Iye akuikonda chifukwa amatera m'mphepete mwa nyanja, mphepo ili ngati mwera. Mufunsenso kuti zingwe zadumpha kangati. Ngati ndi za mtundu wa Spectra, slider imazitentha ndipo zimafupika, makamaka zakunja ndi zamabuleki, ndiye canopy imatseguka mokhota. Kutchipako mwina mtengo wa zingwe zatsopano waukankhira kwa iwe. Ndipo container yako, chikwama chopindiramo canopy, inasokedwera 190. Kawirikawiri 170 imalowa bwino, koma 150 ikhoza kukhwepa, closing loop (kachingwe kotsekera chikwama) n'kukhala yosakoka, pin yotsekera n'kutuluka, chikwama n'kutseguka uli pakhomo la ndege. Zimenezo afunseni a rigger, okonza maparachuti, osati ife.

Wa ku Nchalo: Mwandikhumudwitsa koma ndamva. Ndiye ndimuuze kuti ayi?

Mkulu wa ku Ngabu: Muuze agulitse kwa wina. Ukafika, dumpha kaye pa 190 mpaka manja abwerere, malizitsa zija ndakuuzazi, kenako ubwereke 170 ya mtundu womwewo uiyese m'mawa kukadali kamphepo kozizira. Masana a kamvuluvulu, ngati aja amanyamula zinyalala za nzimbe kwanuko, uzikhala pansi n'kumapinda.

Mlongo wa ku Nsanje: Ndili ndi 170 yomwe ikungokhala m'chikwama, zingwe ndinasintha chaka chatha. Mukakwanitsa bwalo la mamita 10 lija munditumizire vidiyo, ndikubwerekani kwa mwezi. Pobwera munditengere ufa wa mapira.

Wa ku Nchalo: Makilo angati, mlongo? Basi amalipiritsa katundu pa Mwanza.